Nyumba ya Lendi ku Ntcheu: Masamu Ayambe, Njerwa Pambuyo

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

A ku Lizulu ndi ku Tsangano amene mwavala kale majuzi, a pa boma, a ku Nsipe ndi pa Kampepuza, a kuchigwa ku Bwanje ndi ku Kasinje amene mukusaka mthunzi, mpaka a ku Manjawira ndi ku Senzani, takulandirani. Lero tikambirana za nyumba: kugula puloti, kumanga nyumba ya lendi, ndiponso malonda aja ogula nyumba yosatha n'kuimaliza kuti muigulitse. Amene muli ndi cholembera pafupi chitengeni, chifukwa pakhala masamu.

Mukakwera minibasi pa Lizulu n'kutsetsereka ndi msewu wa M1 mpaka pa Chingeni, muziyang'ana pawindo. Muona nyumba zambiri zimene zinaima panjira. Ina inafika pawindo, ina pa lintala, ina inangotsala denga, ndipo mkati munamera chisoso, mbuzi n'kumabisalamo mvula. Musawaseke eni ake. Ambiri anaganiza bwino ndithu. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ndalama zongokhala mu akaunti anadzuka m'mawa zitachepa mphamvu, pomwe amene anagula malata ndi zitseko dzulo lake anali akumwetulira. Choncho munthu wothawitsira ndalama zake mu njerwa sanalakwitse. Chimene chinaimitsa nyumba zambiri zija n'chakuti maziko anakumbidwa masamu asanachitike.

Tiyeni tiwachite masamuwo. Manambala amene nditchule apa ndi ongoyerekezera, inu muikepo mitengo ya kwanuko ya lero.

Tinene kuti mwagula puloti pa boma ndipo mwamanga nyumba ya zipinda zogona zitatu, bafa ndi chimbudzi mkati, matailosi, siling'i, mpanda ndi geti. Zonse pamodzi zadya K40 miliyoni. Mwapeza wolowamo wolipira K150,000 pamwezi. Pachaka ndi K1.8 miliyoni. Koma chaka cha landilodi sichikhala ndi miyezi 12. Chotsanipo miyezi iwiri: wina wasamutsidwa ku ntchito nyumba n'kukhala yopanda munthu, kapena wachoka usiku ndi ngongole. Chotsaninso mwezi umodzi wa penti, loko wothyoka, mpope wodontha. Mwatsala ndi K1.35 miliyoni. Gawani K40 miliyoni ndi ndalama imeneyi. Ndalama zanu zidzabwerera patatha zaka pafupifupi 30.

Tsopano K40 miliyoni yomweyo, pa puloti yomweyo, mumange mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi, iliyonse ya chipinda ndi pabalaza, pansi pa simenti, mabafa ndi zimbudzi zapanja zosamalika. Wolowamo aliyense azilipira K45,000. Pamwezi ndi K270,000. Mukachotsa miyezi itatu ija mutsala ndi K2.43 miliyoni pachaka, ndipo ndalama zanu zibwerera m'zaka 16 kapena 17. Ndiponso mmodzi akachoka, asanu akulipirabe. Nyumba yaikulu ija ikakhala yopanda munthu, mwezi umenewo m'thumba simulowa ngakhale tambala.

Ndikudziwa chimene mtima ukunena. Nyumba yaikulu ndiyo imapatsa ulemu. Anthu akamadutsa amaloza, amati ija ndi ya a uje. Mdadada saulozera. Koma muyenera kusankha chimene mukumanga. Ngati ndi nyumba yoti mudzapumiremo ukalamba wanu, mangani ya kumtima kwanu, palibe wokuletsani. Ngati ndi bizinesi, mukumangira thumba la munthu wina, ndipo thumba limenelo muyenera kulidziwa kukula kwake.

Pamenepa ndiikepo chenjezo la ngongole. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amene ife timakongolako amaikanso pawo pamwamba pa chimenecho. Mukakongola K10 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K3 miliyoni pachaka, kutanthauza K250,000 mwezi uliwonse, musanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo. Nyumba yathu ija ikubweretsa K150,000. Mwaona? Lendi ya ku Ntcheu singabweze ngongole yotere. Ngongole imene ndingaivomereze ndi yaing'ono, ya ku SACCO kapena ku banki mkhonde, yomalizira chinthu chimodzi chimene chikuletsa munthu kulowa m'nyumba, monga zitseko kapena kulumikiza magetsi. Za katapila ndiye musaziyandikire n'komwe. Amene amakongola katapila kuti afolere nyumba nthawi zambiri amafolerera mwini katapilayo.

(NYIMBO, MASEKONDI OCHEPA)

Funso lotsatira: adzalowe m'nyumbamo ndani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Ntcheu lili ndi anthu pafupifupi 660,000, koma ochuluka mwa iwo amagona m'nyumba zawozawo kumudzi. Ochita lendi ndi ochepa, ndipo timawadziwa. Pa boma ndi aphunzitsi, anamwino ndi azachipatala a pa chipatala chachikulu, apolisi, asilikali a ndende, ogwira ntchito ku khonsolo, kukhoti, m'mabanki ndi m'mabungwe. Ambiri mwa amenewa amadikira malipiro a boma kumapeto kwa mwezi, ndipo malipirowo sakwera pamene simenti yakwera. N'chifukwa chake lendi imatsalira m'mbuyo. Mungathe kulengeza kuti kuyambira mwezi wa mawa mwakweza, koma mphunzitsi sangakupatseni ndalama imene alibe. Angosamuka.

Malo aliwonse ali ndi anthu ake. Ku Mlangeni kuli sukulu ya ukachenjede ya Malawi Adventist University, kampasi ya Lakeview, komanso sukulu yophunzitsa apolisi. Kumene kuli ophunzira kumafunika zipinda zing'onozing'ono, zaukhondo, zokhala ndi madzi, magetsi ndi chitetezo, makamaka za atsikana, koma muwerengeretu kuti pa holide zipindazo zimakhala pululu. Pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off ndalama ili mu kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi. Wamalonda wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe sakufuna nyumba ya matailosi. Akufuna chipinda chokhoma bwino chosungiramo matumba, ndi pogona usiku umodzi podikira galimoto. Pamalo otere, shopu kutsogolo ndi zipinda kumbuyo zimaposa nyumba yogona banja. Kufupi ndi sukulu ya sekondale yoyendera kapena chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene nyumba za ogwira ntchito sizikwanira, kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi sola sikasowa munthu.

Musanagule ngakhale njerwa imodzi, yendani. Funsani anthu khumi ochita lendi m'dera limene mukufunalo: mumalipira zingati, chimakusowetsani mtendere n'chiyani, mukanapeza nyumba yotani mukanasamuka? Mayankho ake amakhala ofanana modabwitsa. Madzi, chimbudzi, mita ya magetsi yawoyawo, ndi landilodi wosabwera kudzakhala pakhonde tsiku lililonse.

Tsopano tifike pa nkhani imene yaliza anthu ambiri kuposa ina iliyonse. Malo.

Kuno kwathu, ngakhale tili Angoni a kwa Gomani, m'mabanja ambiri malo amayenda kuchikazi. Munda ndi wa mbumba. Bambo amene akukuonetsani malire, atavala jekete, akulankhula ngati mwini, mwina ndi mkamwini chabe. Mwinanso ndi mwana wa pamudzipo ndithu, koma alongo ake sakudziwa, amalume ake sakudziwa, ndipo mchemwali wina ali ku Johannesburg adzamva nyumba yanu itafika pa lintala. Tsiku limenelo adzakuuzani kuti m'dziko muno simugulidwa malo a amayi awo iwo ali moyo, ndipo ku bwalo la mfumu adzamumvera. Ndiye musamalize nkhani ya malo ndi munthu mmodzi pa golosale kapena pa foni. Pemphani kuti banja likhale pansi: mwini mbumba, azimayi a pamalopo, a Nyakwawa, a Gulupu, ndi oyandikana nawo mbali zonse zinayi. Wogulitsa akayamba kuti, "Aaa, musavutike, amalume ndalankhula nawo kale," bwezerani ndalama m'thumba. Akakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni winayo agule.

Palinso lamulo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo lokhudza malo a makolo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli limati m'dera la Gulupu aliyense mukhale komiti ya za malo, yotsogozedwa ndi a Gulupu, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Limapatsanso munthu kapena banja mwayi wolembetsa malo awo a makolo n'kulandira chikalata. Mu 2022 malamulowa anaunikidwanso, ndipo anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo a makolo komanso malo amene mwini wake sanawatukule. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: kakalata kolembedwa pamanja kokhala ndi chidindo cha mfumu ndi umboni wothandiza, koma si pothera. Musanapereke ndalama, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Ntcheu. Mukafunse kuti malowo ndi a mtundu wanji, a makolo, a boma kapena a lizi, ndiponso ngati lamulo likulola kuti asinthe manja m'njira imene mwagwirizanayo. Ulendo umenewo ndi wa mtengo wa kabaza basi.

Ngati wogulitsa akuti malowo ali ndi lizi, musakhutire ndi fotokope. Tengani nambala ya puloti, mukafufuze ku kaundula wa unduna wa za malo ngati dzina lili pamenepo ndi la munthu amene waima pamaso panuyo, ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ndiponso ngati msonkho wa malo wa chaka ndi chaka unalipiridwa. Kenako itanani saveya adzakuonetseni mabikoni. Madobadoba amadziwa kuloza ndi dzanja kuti "kuyambira pa mango apo mpaka pa chulu", koma mango amadulidwa, chulu chimagumulidwa. Ndipo puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nthano.

Pali misampha iwiri imene ndi yathuyathu ya ku Ntcheu. Woyamba ndi msewu. Aliyense amafuna puloti ya m'mbali mwa M1, poti ndi pamene pali malonda. Koma msewu waukulu uli ndi malo ake otetezedwa, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iliyonse. Mukamanga m'menemo, tsiku lina mudzapeza a Roads Authority alemba chizindikiro cha X pakhoma, ndipo pogumula simudzakhala ndi pokadandaula. Tengani tepi muyeze nokha. Msampha wachiwiri ndi malire a dziko. Cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri msewu umayenda m'malire enieni, ndipo malo ena mukangowoloka tala mwalowa mu Mozambique. Timagulitsana tomato, timakwatirana, timalankhula chinenero chimodzi, koma malamulo a nthaka ndi awiri. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito. Wina akakutsatsani puloti yotchipa tsidya la msewu, dziwani kuti chikalata chilichonse cha ku Malawi sichikakutetezani kumeneko.

Ndipo kwa inu abambo okhala pachikamwini amene mukufuna kumanga nyumba ya lendi pamalo a kwa akazi anu: palibe choipa, koma kambiranani poyera lero, banja lili pamtendere, kuti nyumbayo ndi ya yani ndipo mmodzi akatsogola idzakhala bwanji. Zilembedwe. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo limapatsa aliyense ufulu wolemba wilo. Kulemba wilo sikuitana imfa.

(NYIMBO)

Mwabweranso, omvera, tikukambirana za nyumba za lendi m'boma lathu la Ntcheu. Malo tapeza, mapepala ali bwino. Tiyeni timange.

Poyamba, pulani ipite ku khonsolo. Chiyambire lamulo la mapulani la 2016, dziko lonse la Malawi limawerengedwa ngati dera loyenera kumangidwa motsata mapulani, osati mizinda yokha. Ambiri amazemba poopa kulipira, koma pulani yovomerezeka ndi imene idzakuthandizeni tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumbayo kwa munthu wodzera ku banki.

Boma lathuli lili ndi nthaka ziwiri, ndipo mmisiri wozolowera kumtunda akhoza kukulakwitsani kuchigwa. Kumtunda, cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, vuto ndi chinyezi ndi malo otsetsereka. Musaiwale pepala lakuda lija pamwamba pa maziko, apo ayi khoma lizidzamwa madzi, penti n'kumasupuka chaka chilichonse, ndipo mukumbe ngalande yopatutsa madzi ochokera kuphiri. Kuchigwa cha Bwanje kuli makande, dothi lakuda limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika dzuwa likawala. Nyumba yomangidwa mwachidule pa makande imang'aluka isanathe zaka zingapo. Pamenepo maziko akhale akuya, mulowe zitsulo, ndipo pamwamba pa mawindo pazungulire bimu. Ndalama imene mungaumire pa maziko mudzailipira kawiri. Funsaninso akuluakulu a pamalopo kuti madzi osefukira anafikapo pati, chifukwa puloti imene ikuoneka youma mu Okutobala ikhoza kukhala dambo mu Febuluwale.

Denga limangiriridwe kukhoma ndi waya kapena zitsulo zolowa m'mizere ingapo ya njerwa. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikamabwera ndi mphepo timamva za madenga osasuka, ndipo ambiri amakhala amene anangokhazikidwa pamwamba n'kutsamiritsa ndi miyala. Matabwa apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere.

Za njerwa: mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Ngati mukumanga malo ogona alendo, mashopu kapena hositelo, funsani ku khonsolo musanawumbe. Ndipo ife a ku Ntcheu sitifunika kuuzidwa chifukwa chake. Damu la Mpira, limene limamwetsa mbali ina ya boma lino ndi Balaka, linaphwa mu 2018, nkhalango ya Mvai imene imalidyetsa itadulidwa kwambiri. Mabuloko a simenti amaoneka odula pogula, koma amakwera msanga ndipo sadya matope ambiri. Chofunika n'kuwagula kwa woumba amene saumira simenti. Kandani buloko ndi msomali, likamayoyoka, lisiyeni.

Nkhani ya madzi ija isakuchokeni m'mutu. Pa boma pali mipope ya Central Region Water Board, koma musangoganiza kuti poti mnansi ali ndi mpope ndiye kuti nanunso mulumikizidwa mawa. Kafunseni mtunda ndi mtengo wake. Chimodzimodzi magetsi a ESCOM: puloti yotchipa imene ili kutali ndi polo yomaliza si yotchipa. Pa mdadada, yesetsani kuti khomo lililonse likhale ndi mita yakeyake. Mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pa mayunitsi, wina akuti mnzake ali ndi mbaula ya magetsi, winayo akuti uyu amasita usiku.

Malangizo anga aakulu pa kamangidwe ndi awa: mangani zoti muthe. Ngati pulani ndi ya makomo asanu ndi limodzi koma ndalama ndi ya awiri, malizani awiriwo mpaka loko, munthu alowe, lendi yake iyambe kugula simenti ya khomo lachitatu. Kuyala maziko a makomo onse n'kukweza makoma onse mpaka pawindo ndi njira yachidule yolowera m'gulu la nyumba zija za m'mbali mwa M1. Mukagulitsa kachewere kapena nandolo, gulani zinthu zosawonongeka: malata, mafelemu, zitsulo, misomali. Simenti yokha musaisunge miyezi yambiri, imagwirana m'thumba momwemo. Mmisiri muzimulipira ndi gawo la ntchito limene latha, maziko, pawindo, pa bimu, denga, osati ndi masiku, ndipo musamupatse ndalama zonse patsogolo ngakhale mutapemphera naye mpingo umodzi.

Abale athu amene muli ku Joni ndipo mumatimvera pa foni, gawo ili ndi lanu. Mumagwira ntchito yowawa, mumatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, ndipo ena mwa inu munabwera pa Khirisimasi n'kupeza nyumba imene munkaiona pa WhatsApp ndi ya munthu wina. Si kuti abale onse ndi akuba. Nthawi zambiri ndalama ya simenti imafika tsiku limene mwana wadwala kapena ufa watha, ndipo m'bale amati ndibwereka ndidzabweza. Siyanitsani ndalama ziwirizi. Ya chithandizo cha pakhomo ipite payokha, ya nyumba ipite payokha. Ngati n'kotheka lipirani mwachindunji ku shopu ya zipangizo, m'bale azingokatenga katundu. Wosunga ndalama akhale wina, woyang'anira ntchito akhale wina. Poona ntchito, imbani foni ya kanema, woyang'anirayo ayende kuchokera pamsewu umene mukuudziwa mpaka kulowa m'nyumbamo. Koposa zonse, mapepala a malo akhale m'dzina lanu, osati la achimwene poti ndi amene ali pafupi.

(NYIMBO, MASEKONDI OCHEPA)

Nanga zogula nyumba yosatha kapena yakutha, kuikonza n'kuigulitsa? Pa intaneti mumaona anthu a ku America akuchita zimenezi m'miyezi itatu n'kupeza phindu. Kumeneko ogula ambiri amatenga ngongole ya nyumba ya zaka 30 pa chiwongoladzanja chochepa, choncho ogula ndi ochuluka. Kuno wogula nyumba amabwera ndi ndalama yake m'manja: wopuma ntchito amene walandira penshoni, wamalonda, kapena wa ku Joni. Anthu otere pa Ntcheu ndi owerengeka, ndipo nyumba yanu ikhoza kukhala chaka chikwangwani chili pageti.

Sindikuti n'zosatheka. Koma phindu la malonda amenewa limapezeka tsiku logula, osati logulitsa. Mukagula modula, palibe penti imene ingakupulumutseni. Ndiye funsani kuti mwini wake akugulitsiranji. Ngati ndi fizi ya mwana kapena wasamukira kwina, chabwino. Ngati ndi nyumba ya malemu, onetsetsani kuti wogulitsayo ali ndi mphamvu yochokera kukhoti kapena ku ofesi ya DC yoyendetsera chumacho, ndipo ana onse ndi mayi awo avomereza. Ngati pali mlandu wa malire kapena nyumbayo ndi chikole, mukugula mlandu. Tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, akumbe pambali pa maziko aone kuya kwake. Aone ngati njerwa zinamangidwa ndi simenti kapena ndi dothi lopakidwa pulasitala pamwamba. Mng'alu woyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo kutsikira pansi ukunena za maziko, ndipo umenewo sutsekedwa ndi pulasitala. Khoma limene lakhala pamvula zaka zambiri lopanda denga nthawi zina limafunika kuligwetsa, ndiye kuti mwagula puloti yokha pa mtengo wa nyumba.

Powerengera phindu, musawerenge makwacha okha. Tiyerekeze kuti kugula ndi kumaliza kwadya K30 miliyoni, ndipo patatha chaka mwagulitsa K36 miliyoni. Mukuti mwapindula K6 miliyoni. Koma ngati m'chaka chimenecho zipangizo zakwera ndi 30 peresenti, kuti muchitenso ntchito yomweyo mufunika K39 miliyoni. Mwagwira ntchito chaka chonse n'kutsala ndi mphamvu yochepa kuposa imene munayamba nayo, ndipo apo sitinachotse za ejenti, za loya, ndi zolipira posintha umwini. Ine muyeso wanga ndi matumba a simenti: ndalama imene ndinalowetsa inkagula matumba angati, imene ndatulutsa ikugula angati? Pamene kwacha ikugwa, kawirikawiri wosunga nyumba n'kumalandira lendi amaposa wogulitsa, pokhapokha ngati wapeza kale pokaika ndalamazo sabata yomweyo.

Timalize ndi kakhalidwe ka landilodi ndi anthu ake. Pangano lilembedwe, ngakhale pa tsamba limodzi la kope, m'Chichewa chomveka: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, dipoziti, wolipira madzi ndi magetsi, wokonza chikawonongeka, anthu okhala m'nyumbamo, ndi nthawi ya notisi mbali zonse ziwiri. Lembani nambala ya chiphaso cha unzika, pasayine mboni, aliyense asunge pepala lake. Yenderani nyumbayo limodzi tsiku lolowa, mujambule zithunzi. Lendi izidzera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuti pazitsala umboni, ndipo ikabwera pamanja lembani lisiti. Mukafuna kukweza, nenani miyezi ingapo nthawi isanakwane. Munthu wolipira bwino amene wakhala zaka zitatu osavuta ndi wamtengo wapatali kuposa K10,000 imene mungawonjezere kwa mlendo amene simukumudziwa.

Wina akasiya kulipira, musazule chitseko, musachotse lata, musamutayire katundu panja mvula ikugwa. Ndikudziwa kuti zimachitika, ndipo ena amazitama nazo, koma mukatero mwasandutsa wokukongolani kukhala wodandaula, inu n'kukhala woyankha mlandu. Mulembereni kalata, mupatseni notisi monga mwa pangano, ndipo akakana kutuluka pitani ku khoti la majisitireti. Pepala lija ndi limene likakuyankhulireni.

Za m'bale wofuna kulowa m'nyumba ya lendi, sankhani chimodzi pamaso pa banja: kaya mukumuthandiza ndipo simudzafunsa ndalama, kaya ndi wa lendi ngati wina aliyense ndipo asayina. Za pakatikati, zoti "muzingopereka kangachepe", zimatha ndi kusalankhulana pamaliro.

Ndalama ya lendi imalipiridwa msonkho. Bungwe kapena kampani ikachita lendi nyumba yanu imadula msonkho isanakupatseni ndalama, n'kukapereka ku MRA, ndiye muzitenga chikalata chosonyeza kuti adula. Ndipo lendi ya mwezi umodzi pachaka musaidye. Ikhale pambali, chifukwa chimbudzi cha makomo asanu ndi limodzi chimadzaza msanga kuposa cha banja limodzi, ndipo chikadzaza mu Januwale, anthu anu sadikira kuti mukolole.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Amene muli ndi mafunso pa za mapepala a malo, atumizeni kuno ku wailesi, tidzawayankhe m'pulogalamu ikubwerayi.

(NYIMBO YOTSEKERA)